Ndondomeko yoteteza makompyuta a kampani: zomwe akuluakulu a zachitetezo amayenera kutsata

Ndondomeko ya chitetezo cha makompyuta ndi chikalata chomwe kampani, banki kapena nthambi ya boma imalemba pofuna kulongosola zinthu zomwe ikufuna kuteteza, anthu omwe angazibe kapena kuziononga, ndalama zomwe igwiritse ntchito poziteteza komanso zomwe idzachite tsiku lomwe achiwembu adzakwanitse kulowa m'makina ake.

Chikalatachi chimasiyana ndi malamulo a tsiku ndi tsiku a muofesi, monga loletsa kubwerekana nambala zachinsinsi, kaamba koti chimayang'ana zaka zitatu kapena zisanu za m'tsogolo ndipo chimavomerezedwa ndi bodi ya kampani. Yemwe amatsogolera ntchito yochilemba ndi kuchikwaniritsa ndi mkulu woona za chitetezo cha uthenga ndi makompyuta, amene m'makampani ambiri amadziwika ndi dzina lachidule loti CISO.

Chiyambi cha udindowu

Udindo wa CISO udayamba m'mabanki. M'chaka cha 1994, gulu la mbava lomwe ankalitsogolera ndi Vladimir Levin wa mumzinda wa St Petersburg m'dziko la Russia lidalowa m'makompyuta a banki ya Citibank ya ku America ndi kusamutsa ndalama zoposa madola 10 miliyoni. Ngakhale bankiyi idabweza gawo lalikulu la ndalamazo, akuluakulu ake adaona kuti nkhaniyi siyingasiyidwe m'manja mwa amisiri a makompyuta okha. M'chaka cha 1995 adalemba ntchito Steve Katz, yemwe amadziwika ngati munthu woyamba kukhala paudindowu.

Kwa zaka zambiri, makampani ena adapitirizabe kuona chitetezo cha makompyuta ngati ntchito yaing'ono ya nthambi ya zamakina. Maganizowa adasintha kwambiri itachitika nkhani ya Target, kampani ya masitolo akuluakulu ku America. Kumapeto kwa chaka cha 2013, mbava zidaba manambala a makhadi akubanki okwana 40 miliyoni a anthu ogula m'masitolowa. Mu Malichi 2014 mkulu woona za makompyuta pakampaniyi adatula pansi udindo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mkulu wa kampani yonse, Gregg Steinhafel, adachokanso. Kuchokera nthawi imeneyo, mabodi a makampani ambiri adayamba kufuna kuti azilandira lipoti la chitetezo monga momwe amalandirira lipoti la zachuma.

Vutoli lidafika kale m'chigawo chino

Mu Julayi 2021, kampani ya boma la South Africa ya Transnet, yomwe imayendetsa madoko ndi njanji, idagwidwa ndi pulogalamu yachiwembu yomwe imatseka mafayilo n'kumafuna dipo. Ntchito yotsitsa ndi kukweza makontena padoko la Durban ndi la Cape Town idasokonekera kwa masiku angapo, ndipo ogwira ntchito adabwerera kolemba pamapepala. Doko la Durban ndi limodzi mwa madoko omwe katundu wobwera m'maiko a kumtunda monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amadzera.

Mu Meyi 2022, banki yaikulu ya dziko la Zambia, Bank of Zambia, idalengeza kuti makina ake ena adasokonezedwa ndi achiwembu. Gulu lotchedwa Hive ndi lomwe lidachita izi ndipo lidafuna ndalama, koma bankiyi idakana kulipira.

M'dziko muno, mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu adalowa m'makina osindikizira ziphaso zoyendera kunthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno, ndipo ankafuna dipo. Iye adati boma silipereka ndalamazo. Kwa masabata angapo ntchito yopereka ziphaso idaima, zomwe zidakhudza ochita malonda, ophunzira komanso anthu omwe adapeza ntchito kunja.

Nkhani zitatuzi zikuonetsa kuti achiwembu sasankha dziko lolemera kapena losauka. Iwo amafufuza pa intaneti makina aliwonse omwe ali ndi mpata, kotero mawu a makolo oti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, akukhudza bungwe lililonse lomwe limadalira kompyuta.

Kudziwa zomwe zikutetezedwa

Gawo loyamba la ndondomeko ndi kalembera. Kampani imayenera kukhala ndi mndandanda wa makompyuta, maseva, mafoni, mapulogalamu ndi nkhokwe zonse za uthenga zomwe ili nazo, komwe zili ndiponso munthu yemwe amaziyang'anira. Makina omwe sali pamndandanda sakonzedwa ndipo palibe amawalondera, choncho ndi omwe achiwembu amakonda kulowerapo.

Kufunika kwa kalemberayu kudaoneka mu Disembala 2021 pomwe kudadziwika kuti kapulogalamu kotchedwa Log4j kali ndi mpata woopsa. Kapulogalamuka kamapezeka mkati mwa mapulogalamu ena ambirimbiri, ndipo makampani ochuluka adatha masabata akungofufuza ngati ali nako kapena ayi.

Akamaliza kalembera, akuluakulu amasanja zinthuzo potengera kufunika kwake. Pa chilichonse amafunsa mafunso atatu: chingachitike n'chiyani uthengawu utaululika kwa anthu osayenera, utasinthidwa mwachinyengo, kapena utasowa panthawi yomwe ukufunika? Mayankho amasiyana malinga ndi ntchito. Kuchipatala, chodetsa nkhawa kwambiri ndi kuululika kwa matenda a anthu. Kubanki, ndi kusinthidwa kwa manambala a ndalama. Kukampani yamagetsi kapena yamadzi, ndi kuima kwa makina.

Pa chiopsezo chilichonse kampani imakhala ndi njira zinayi. Itha kuchichepetsa poika chitetezo, kuchisamutsira kwa ena monga pogula inshuwalansi, kuchipewa posiya ntchito yomwe ikuchibweretsa, kapena kuchivomera ngati ndalama zochithetsera zikuposa zomwe zingaonongeke. Chiganizo chovomera chiopsezo chimayenera kulembedwa ndi kusainidwa ndi mkulu wa nthambi yokhudzidwa, osati mkulu wa zachitetezo yekha, poti mwini ntchitoyo ndiye adzayankhe mlandu zinthu zikadzavuta.

Miyezo yomwe makampani amatsata

Makampani ambiri salemba ndondomeko kuchokera m'mutu, koma amatsamira pa miyezo yodziwika padziko lonse. Umodzi mwa miyezoyi ndi ISO/IEC 27001, womwe udatuluka koyamba m'chaka cha 2005 kuchokera ku muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 7799. Udakonzedwanso mu 2013 ndi mu 2022. Wa 2022 uli ndi njira zotetezera 93 zomwe zidagawidwa panayi: 37 zokhudza kayendetsedwe ka bungwe, 8 zokhudza anthu, 14 zokhudza nyumba ndi zipangizo, ndi 34 zokhudza makina. Kampani itha kuitana akatswiri oima paokha kuti aiunike ndi kuipatsa satifiketi, yomwe makasitomala akuluakulu ndi mabungwe akunja amakonda kufunsa asanasaine mgwirizano.

Muyezo wina ndi wa bungwe la boma la America la NIST, womwe udatuluka mu 2014 ndi kukonzedwanso mu 2018 komanso mu Febuluwale 2024. Poyamba udali ndi nsanamira zisanu: kudziwa zomwe zilipo, kuteteza, kuzindikira chiwembu, kuchitapo kanthu ndi kubwezeretsa zinthu m'chimake. Mu 2024 adaonjezera nsanamira yachisanu ndi chimodzi ya utsogoleri, pofuna kutsindika kuti nkhaniyi imayambira kubodi. Muyezowu umapezeka mwaulere ndipo ulibe satifiketi.

Kwa mabungwe ang'onoang'ono, bungwe la Center for Internet Security lili ndi mndandanda wa njira 18 zomwe zidasanjidwa kuti bungwe liyambe ndi zofunikira kwambiri kenako n'kumaonjezera pang'onopang'ono.

Satifiketi payokha siitseka mpata. Imangotsimikiza kuti patsiku lomwe ounika adabwera, kampani idali ndi dongosolo ndipo inkalitsata.

Malo a mkulu wa zachitetezo ndi nkhani ya bajeti

Funso lomwe limavuta m'makampani ambiri ndi loti CISO azipereka lipoti kwa ndani. Akakhala pansi pa mkulu wa nthambi ya makompyuta pamakhala kukokanakokana, kaamba koti mkulu wa makompyuta amayamikiridwa ntchito zikamatha msanga pomwe wa zachitetezo nthawi zina amayenera kuimitsa ntchito kuti mipata itsekedwe kaye. N'chifukwa chake mabanki ndi makampani ena akuluakulu amaika CISO pansi pa mkulu wa kampani yonse kapena mkulu woona za ziopsezo, ndi kumupatsa mwayi wolankhula mwachindunji ndi komiti ya bodi.

Mkulu wa zachitetezo amayeneranso kudziwa chilankhulo cha bodi. Mamembala a bodi sapindula kumva kuchuluka kwa mavairasi omwe makina agwira m'mwezi. Chomwe amafuna kudziwa ndi ndalama zomwe kampani ingataye patsiku makina olandirira malipiro ataima, masiku omwe angatenge kuti adzukenso, komanso ndalama zomwe zingafunike kuti masikuwo achepe.

Pa nkhani ya bajeti, cholakwika chofala ndi kuthamangira kugula zipangizo zodula popanda anthu oziyendetsa. Kwa mabungwe a m'dziko muno pali vuto lina loti malayisensi a mapulogalamu ambiri amalipiridwa ndi ndalama zakunja chaka ndi chaka, moti kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira mu Novembala 2023 pomwe idatsitsidwa ndi 44 peresenti, bajeti ya chitetezo imaperewera mwadzidzidzi. Ndondomeko yabwino imaganizira izi ndipo imatchula zomwe siziyenera kudulidwa ndalama zikachepa.

Kulondera khomo lolowera

Ziwembu zambiri zikuluzikulu zimayamba ndi nambala yachinsinsi yobedwa. Mu Meyi 2021, kampani ya Colonial Pipeline, yomwe mapaipi ake amanyamula pafupifupi 45 peresenti ya mafuta a galimoto ndi ndege ogwiritsidwa ntchito kugombe la kum'mawa kwa America, idatseka mapaipiwo kwa masiku asanu. Mkulu wa kampaniyi, Joseph Blount, adauza aphungu a dzikolo kuti achiwembu adalowera pa akaunti yakale yomwe inkangofuna pasiwedi basi.

Zofananazo zidachitika mu Febuluwale 2024 kukampani ya Change Healthcare, yomwe imayendetsa malipiro a zipatala ku America. Khomo lomwe achiwembu adalowera lidalibe chitsimikizo chachiwiri, ndipo mbiri ya anthu pafupifupi 190 miliyoni idakhudzidwa.

Chitsimikizo chachiwiri ndi njira yoti munthu akalemba pasiwedi, makina amamufunsanso chinthu china chomwe ali nacho m'manja, monga nambala yotuluka pafoni yake, kachipangizo kolowetsa pakompyuta kapena chidindo cha chala. Njirayi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zina zonse ndipo imayenera kuyambira pa maakaunti a akuluakulu, a nthambi ya zachuma ndi a amisiri omwe ali ndi makiyi a makina onse. Manambala otumizidwa pa uthenga wa SMS ndi ofooka pang'ono kaamba ka mbava zomwe zimanamiza makampani a mafoni n'kulanda nambala ya munthu.

Mfundo ina ndi yoti aliyense azipatsidwa mphamvu zokwanira ntchito yake basi, ndipo akaunti ya munthu yemwe wasiya ntchito izitsekedwa tsiku lomwelo. Izi zimafuna mgwirizano pakati pa nthambi yoona za ogwira ntchito ndi ya makompyuta.

Mfundozi ndi maziko a njira yotchedwa zero trust, yomwe katswiri John Kindervag adaitchukitsa mu 2010 ndipo bungwe la NIST lidailongosola m'chikalata chake cha mu Ogasiti 2020. Kale makampani ankamanga mpanda wolimba kunja n'kumakhulupirira aliyense yemwe ali mkati. Njira yatsopanoyi imati munthu kapena makina aliwonse azitsimikiziridwa pakhomo la chipinda chilichonse, kuti mbala ikalumpha mpanda isathe kuyendayenda nyumba yonse.

Kumata zigamba panthawi yake

Mapulogalamu onse amakhala ndi zolakwika, ndipo omwe adawapanga amatulutsa zigamba zotsekera mipatayo. Vuto limakhala kuchedwa kuzimata.

Pa 14 Malichi 2017, kampani ya Microsoft idatulutsa chigamba cha mpata wina wa mu Windows. Patatha miyezi iwiri, pa 12 Meyi, pulogalamu yachiwembu ya WannaCry idadzera pampata womwewo ndi kugwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ku England, zipatala za boma zidalephera kuona odwala pafupifupi 19,000 omwe adali ndi masiku okumana ndi madokotala, ndipo boma lidawerengera kuti lidataya mapaundi 92 miliyoni.

Chaka chomwecho, kampani ya Equifax, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu, idabedwa uthenga wa anthu pafupifupi 147 miliyoni kudzera pampata wa pulogalamu ya Apache Struts, womwe chigamba chake chidatuluka mu Malichi. Mbavazo zidakhala m'makina a kampaniyi masiku 76 osadziwika. Mu 2019 kampaniyi idavomera kulipira chindapusa ndi chipukutamisozi chofika madola 700 miliyoni.

Kotero ndondomeko imayenera kunena masiku omwe chigamba chilichonse chiyenera kukhala chitamatidwa malinga ndi kuopsa kwake, kuyambira ndi makina omwe amaoneka pa intaneti. Imayeneranso kunena chochita ndi makina akale omwe opanga ake adasiya kuwatulutsira zigamba, monga Windows 7 yomwe idasiyidwa mu Januwale 2020 ndi Windows 10 yomwe thandizo lake laulere lidatha mu Okutobala 2025. Makina otere amayenera kusinthidwa kapena kupatulidwa kuti asalumikizane ndi ena.

Ogwira ntchito

Achiwembu ambiri amaona kuti kunamiza munthu n'kosavuta kusiyana ndi kuthyola makina. Mu Seputembala 2023, kampani ya mahotela ya MGM Resorts idataya pafupifupi madola 100 miliyoni pachiwembu chomwe malipoti adati chidayamba ndi foni yopita kuofesi yothandiza ogwira ntchito pa nkhani za makompyuta, woimbayo atanamizira kukhala mmodzi mwa iwo.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024, wogwira ntchito ku ofesi ya ku Hong Kong ya kampani ya zomangamanga ya Arup adatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atakhala nawo pamsonkhano wapakanema pomwe nkhope ndi mawu a mabwana ake zidali zopeka ndi kompyuta.

Maphunziro a kamodzi pachaka sakwanira kuthana ndi chinyengo chotere. Chofunika ndi malamulo omwe sadalira maso kapena makutu a munthu mmodzi: malipiro aakulu azivomerezedwa ndi anthu awiri, ndipo pempho lililonse losintha nambala ya akaunti ya kubanki ya wogulitsa katundu lizitsimikiziridwa poimba foni pa nambala yomwe idali kale m'mabuku, osati yomwe yabwera ndi imeloyo.

Akuluakulu amayeneranso kuonetsetsa kuti wogwira ntchito yemwe watsegula imelo yachinyengo asamaope kunena. Ngati chilango ndicho chimatsatira, anthu amabisa, ndipo maola omwe akadapulumutsa kampani amatayika.

Makampani ogwira nawo ntchito

Mbava zomwe zidalowa ku Target zidadzera pa akaunti ya kampani ina yaing'ono yomwe inkakonza makina oziziritsira m'masitolomo. Mu Disembala 2020 kudadziwika kuti achiwembu adabisa pulogalamu yawo mkati mwa Orion, pulogalamu ya kampani ya SolarWinds, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 adailowetsa okha m'makina awo poganiza kuti akukonza pulogalamuyo. Ena mwa okhudzidwa adali maunduna a boma la America.

Ngakhale kampani yogulitsa chitetezo itha kugwetsa makina. Pa 19 Julayi 2024, kampani ya CrowdStrike idatumiza zosintha zolakwika zomwe zidazimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, zomwe zidaimitsa ndege komanso ntchito m'mabanki ndi m'zipatala m'maiko ambiri. Apa padalibe chiwembu chilichonse.

Pa chifukwa ichi, ndondomeko imayenera kukhala ndi mndandanda wa makampani onse omwe amalowa m'makina a bungwe kapena kusunga uthenga wake. Mgwirizano uliwonse uzinena za chitetezo chomwe kampaniyo ikuyenera kukhala nacho, nthawi yomwe iyenera kudziwitsa bungwe ikagwidwa ndi chiwembu, ufulu wa bungwe wokaunika, ndiponso mwini wake wa uthenga ndi makiyi a makina mgwirizano ukatha. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kunthambi za boma zomwe makina ake adaikidwa ndi kuyendetsedwa ndi makampani akunja.

Kuzindikira chiwembu msanga

Palibe chitetezo chomwe chimatseka mipata yonse, choncho ndondomeko imayenera kuvomereza kuti tsiku lina achiwembu adzalowa. Kukula kwa chionongeko kumatengera nthawi yomwe idzapite asanadziwike.

Mu Febuluwale 2016, mbava zidalowa m'makina a banki yaikulu ya Bangladesh ndi kutumiza makalata abodza kudzera pa njira ya SWIFT olamula banki ya Federal Reserve ya ku New York kuti isamutse ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni. Zidasankha usiku wa Lachinayi podziwa kuti Lachisanu ndi tsiku lopuma ku Bangladesh, Loweruka ndi Lamulungu ndi opuma ku New York, ndipo Lolemba lidali tchuthi ku Philippines komwe ndalamazo zinkapita. Zidasokonezanso makina osindikizira malisiti kuti ogwira ntchito asaone msanga. Malipiro ambiri adaimitsidwa, ena kaamba ka liwu lomwe mbavazo zidalemba molakwika, koma madola 81 miliyoni adapita. Gavanala wa bankiyo, Atiur Rahman, adatula pansi udindo mwezi wotsatira.

Nkhaniyi ikusonyeza kuti ulonda uyenera kukhala wa usana ndi usiku, kuphatikizapo masiku a tchuthi. Bungwe lomwe silingakwanitse kulemba akatswiri okwanira litha kulemba ganyu kampani yolondera kapena kugwirizana ndi mabungwe anzake. Mabanki ndi makampani a mafoni amapindulanso akamauzana za njira zatsopano za mbava, poti mutu umodzi susenza denga.

Kukonzekera tsiku la ngozi

Pa 27 Juni 2017, pulogalamu yachiwembu ya NotPetya, yomwe idafalikira kudzera pa pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine, idafafaniza makina a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk padziko lonse. Wapampando wa kampaniyi adanena pambuyo pake kuti adakhazikitsanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku khumi, ndipo kampaniyo idataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni. Malinga ndi malipoti, kope limodzi la kaundula wa maakaunti onse lidapulumukira ku ofesi ya ku Ghana kaamba koti magetsi adali atazima panthawiyo ndipo seva yake siidali pa intaneti.

Kampani siyenera kudalira mwayi wotere. Lamulo lodziwika bwino ndi loti uthenga wofunika uzikhala ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi lizisungidwa kutali. Kope limodzi lisamalumikizidwe ku makina ena, kaamba koti achiwembu amayamba afufuta makope asanatseke mafayilo. Makopewa aziyesedwa pafupipafupi pofuna kuona ngati akutsegukadi komanso nthawi yomwe kubwezeretsa kumatenga.

Dongosolo la tsiku la ngozi lizitchula yemwe ali ndi mphamvu zozimitsa makina, yemwe adzalankhule ndi atolankhani, yemwe adzadziwitse apolisi ndi mabungwe oyang'anira, komanso momwe anthu adzalumikizirane imelo ikadzafa. Lizisindikizidwa papepala, ndipo kamodzi kapena kawiri pachaka akuluakulu onse azikhala pansi n'kuyeserera ngati kuti ngoziyo yachitikadi.

Nkhani ya dipo

Bodi imayenera kugwirizana za dipo ngozi isanachitike. Colonial Pipeline idalipira pafupifupi madola 4.4 miliyoni, koma kiyi yomwe idapatsidwa inkagwira ntchito pang'onopang'ono moti idadalirabe makope ake. Apolisi a FBI adalanditsa pafupifupi madola 2.3 miliyoni mwa ndalamazo. Eni ake a Change Healthcare adalipira madola 22 miliyoni, koma gulu lina lidatulukira ndi uthenga womwewo n'kuyamba kufunanso ndalama.

Apolisi m'maiko ambiri amalangiza kuti dipo lisaperekedwe chifukwa limalimbikitsa mchitidwewu ndipo palibe chitsimikizo choti mbava zisunga lonjezo. Bungwe lomwe lili ndi makope oyesedwa bwino ndi lomwe limatha kukana mosavuta.

Zomwe malamulo akunena

M'chaka cha 2016, Nyumba ya Malamulo ya dziko lino idavomereza lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe mwa zina lidaika kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo m'gulu la milandu ndi kukhazikitsa gulu lothandiza pa ngozi za makompyuta la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA. Mu 2024 kudabwera lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la Data Protection Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Juni chaka chomwecho. Lamuloli lidapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhaniyi ndipo limafuna kuti bungwe lomwe labedwa uthenga wa anthu lidziwitse MACRA pasanathe maola 72.

Makampani ochita malonda kunja amakhudzidwanso ndi malamulo a maiko ena. Lamulo la GDPR la maiko a ku Ulaya, lomwe lidayamba pa 25 Meyi 2018, limalola chindapusa chofika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zomwe kampani imapeza pachaka padziko lonse. Ku South Africa, lamulo la POPIA lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Pangano la bungwe la African Union la ku Malabo lokhudza chitetezo cha pa intaneti, lomwe adagwirizana mu 2014, lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2023.

Kubisa ngozi kutha kugwetsa m'mavuto mkulu wa zachitetezo mwiniwake. Mu Okutobala 2022, bwalo la milandu ku America lidapeza wolakwa Joe Sullivan, yemwe adali mkulu wa zachitetezo kukampani ya Uber, pa mlandu wobisa kubedwa kwa uthenga wa anthu 57 miliyoni komwe kudachitika mu 2016. Kampaniyi idalipira mbavazo madola 100,000 kuti zikhale chete.

Kuyeza ndi kuunikanso

Ndondomeko imagwira ntchito ikakhala ndi miyezo yomwe bodi ingatsate miyezi itatu iliyonse. Ina mwa miyezoyi ndi chiwerengero cha maakaunti omwe ali ndi chitsimikizo chachiwiri, masiku omwe zigamba zofunikira zimatenga kuti zimatidwe, maola omwe amapita chiwembu chisanadziwike, nthawi yomwe kuyesa kubwezeretsa makope kudatenga, komanso makampani ogwira nawo ntchito omwe aunikidwa.

Mabungwe ambiri amaitananso akatswiri akunja kamodzi pachaka kuti ayese kuthyola makina awo mwachilolezo ndi kulemba lipoti la mipata yomwe apeza. Nthambi younika mabuku ndi kayendetsedwe ka ntchito imatsatira kuti ione ngati mipatayo yatsekedwa.

Chikalata cha ndondomeko chimayenera kuunikidwanso chaka chilichonse, komanso nthawi iliyonse yomwe kampani yagula kampani ina, yasamutsira uthenga wake ku maseva obwereka a pa intaneti, yayamba ntchito yatsopano monga yolandira malipiro pafoni, kapena yakumana ndi ngozi. Pa kusintha kulikonse, bodi imayenera kulemba m'mabuku a msonkhano wake zomwe yavomereza, ndalama zomwe yapereka ndi dzina la mkulu yemwe adzayankhepo.